Kalata kwa a nduna ndi mafumu a mizinda: ife okalambira m'tauni sitikubwerera kumudzi

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, a Nduna yoona za chisamaliro cha anthu, ndi mafumu a mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba,

Landirani moni wanga nonsenu. Ine ndadzuka bwino, kungoti bondo lakumanzereli ndi lomwe limayamba kundiuza za mvula a zanyengo asanalengeze.

Ndine mayi wa zaka 72. Ndidagwira choko kwa zaka 36, ndipo ambiri a inu mudadutsa m'manja mwa anthu onga ine, choncho mundilole ndiyankhule mosapsatira. Ndimakhala ndekha ku Blantyre, kumunsi kwa phiri la Soche, m'nyumba ya zipinda ziwiri yomwe tidamanga ndi malemu bambo akunyumba. Ndimadziphikira, ndimadzichapira, mayunitsi a magetsi ndimagula ndekha pafoni. Ana ndidabereka atatu: wina ali ku Joni, wina ku Lilongwe, wina adatsogola. Otsalawo amandikumbuka, koma nawonso ali ndi makomo awo. Kalatayi si yopempha bulangete.

Za bulangete ndanenera dala. Chaka ndi chaka pa 1 Okutobala, tsiku lokumbukira anthu achikulire, timaona chithunzi chomwechomwecho pa TV: agogo akumudzi ali pamphasa, bwana wa suti waweramira kuwapatsa bulangete, ndowa ya pulasitiki ndi paketi ya shuga. Shuga, kwa anthu omwe ena adaletsedwa kale ndi adokotala! Agogo amenewo ndi abale athu, alandire ndithu. Dandaulo langa n'loti m'mitu mwanu nkhalamba ndi imeneyo basi. Ife amene imvi zidatipezera ku Ndirande, ku Kawale, ku Chibavi ndi ku Chinamwali, amene tikuyendabe ndi miyendo yathu ndi kudzilipirira madzi, simutiona. Mudzationa tikadzagona pabedi osatha kudzuka, pamene kutithandiza kudzakhala kodula kuposa lero.

Mwezi wathawu ndimakwera minibasi ku Limbe. Mwendo udachedwa kufika pa sitepe, kondakitala n'kuyamba kumenya chitseko. "Agogo, m'tauni muno mukutanimo? Kapumeni kumudzi!" Anthu adaseka, inenso ndidaseka nawo, nanga n'kutani. Koma usiku wake tulo sitidabwere. Kumudzi kwake kuti? Ndidafika mu Blantyre mu 1974. Munda wa mayi anga adagawana kalekale ana a achemwali anga, ndipo sindiwadandaula, ndi amene adatsala akulima. Manda a amuna anga ali konkuno. Mpingo wanga uli konkuno, anzanga a Mvano omwe adzandiyimbire nyimbo ali konkuno. Kumudziko ndikafika ngati mlendo, nkhalamba yachilendo yokhala yokha, ndipo mukudziwa chimene chimatsatira mwana wa pafupi akangotentha thupi. Sitidaiwale za ku Neno mu Januwale 2016, pomwe agogo anayi adaphedwa tsiku limodzi mphenzi itapha mtsikana. Lamulo loletsa kunenera munthu ufiti lilipo kuyambira 1911, koma silidawateteze. Ngakhale m'tauni muno chala chimenecho chimalozabe nyumba ya agogo okhala okha, makamaka ngati pali wachibale amene akuisirira nyumbayo.

Kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318 mu mzinda wa Lilongwe, 800,264 mu Blantyre, 221,272 mu Mzuzu ndi 105,013 mu Zomba. Mizinda imeneyi sidamere ngati bowa. Anyamata omwe adabwera kudzaluka nsalu ku David Whitehead, kudzagwira za njanji ku Limbe, kudzasenza mabelo a fodya ku Kanengo, kudzamanga Capital Hill pomwe likulu linkachoka ku Zomba mu 1975, lero ali ndi zaka 70 kapena 80. Kale anthu ankati m'tauni ndi kuntchito, kumudzi ndiye kwathu. Kwa m'badwo wathu mawu amenewo adatha ntchito, koma mapulani anu akadawakhulupirirabe.

Ndiyambe ndi inu a Zaumoyo, ndikuuzeni mmene tsiku la kiliniki limakhalira. Dzina la chipatala ndisunga, chifukwa vutoli si la chipatala chimodzi. Ndili ndi BP komanso shuga. Tsiku loyezetsa shuga sudya kanthu m'mawa. Ndimanyamuka kusanache, 4:30, tochi m'manja, kuti buku langa la kuchipatala likakhale pamwamba pa mulu. Pofika ndimapeza mabenchi adzaza kale, ena akhala pansi atatsamira khoma. Anamwino amafika, amagwira ntchito ndithu, koma alipo awiri pa khwimbi lonselo. Nthawi ikamakwana 11 koloko manja ayamba kunjenjemera, thukuta lozizira, m'maso mwachita mdima, chifukwa munthu wa shuga sakhala ndi njala mpaka dzuwa pamutu. Ukalowa, tsiku lina makina a BP alibe mabatire, tsiku lina timapepala toyezera shuga tatha. Ukafika pawindo la mankhwala umva mawu amene tonse tidawaloweza ngati pemphero: "Amlodipine wa BP watha, mukagule ku famase."

Ine ndimagula, chifukwa mwana wa ku Joni uja amatumiza kangachepe. Mnzanga wina yemwe tinkakhala benchi limodzi adalibe womutumizira. Adayamba kudula piritsi pakati kuti la mwezi umodzi lifike iwiri, kenako n'kumamwa pokhapokha mutu ukawawa. BP sichenjeza ndi mutu nthawi zonse, imapha mwakachetechete. Tsiku lina akusesa pakhomo adagwa, mbali yonse yakumanja n'kufa. Mayi amene ankagulitsa tomato, kudzilipirira lendi, kulera zidzukulu ziwiri, lero amatembenuzidwa pamphasa ngati khanda. Mwana wake wamkazi adasiya ntchito yam'nyumba ku Namiwawa kuti aziwasamala. Werengani nokha: pakhomo limodzi anthu awiri asiya kupeza ndalama, ana awiri sukulu yavuta, bedi lakuchipatala lidagwidwa masabata atatu. Zonsezi chifukwa cha timapiritsi toti mtengo wake sufika pa mafuta a galimoto imodzi ya boma popita ku msonkhano kunyanja.

Si kuti nkhaniyi ndi yachilendo kwa inu. Kafukufuku wa unduna wanu womwe, mothandizana ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2009, adapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse m'dziko muno ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sadziwa n'komwe. Amene adali ndi zaka za m'ma 50 nthawi imeneyo ndi ife tikulembafe.

Chimene chimandipweteka n'choti njira mukuidziwa. Kuyambira 2004, pomwe ma ARV adayamba kuperekedwa ulere, dziko lino lidaphunzira kusamala munthu wa matenda okhalitsa. Ndili ndi mnzanga wina wa zaka 68 amene wakhala pa ma ARV zaka zambiri ndipo ndi wojintcha kuposa ine. Amalandira mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi pakamodzi, akajomba amamufunafuna. Koma mayi yemweyo akafuna mankhwala a BP amakafola pakhomo lina, tsiku lina, mwezi ndi mwezi, n'kubwerako chimanjamanja. Thupi ndi limodzi lomwelo. Ndikudziwa kuti ndalama zambiri za ma ARV zimachokera kunja, sindine mwana. Koma kupereka mankhwala a miyezi itatu kwa munthu amene BP yake yakhazikika sikufuna mzungu, ndipo kungachepetse mizere imene ikutopetsa anamwino anu omwe. Alangizi a zaumoyo amene amayenda m'makwalala kuyeza ana kusikelo, apatseni makina a BP aziyezanso agogo a anawo. Akhale pakhomo la tchalitchi Lamulungu ndi Loweruka, pamzikiti Lachisanu, pamsika tsiku lililonse. Ndipo pa kiliniki ya shuga, amene sadadye aziyamba ndiwo kuyezedwa. Chimenechi sichifuna ngakhale tambala.

Maso musawaiwale. Ng'ala imachotsedwa pa opaleshoni yaifupi, ku Gulupu ndi ku Kamuzu Central amachita, ku Nkhoma adatchuka nazo. Koma alipo agogo ambiri m'makomboni amene adangovomera kuti khungu ndi ukalamba, palibe adawauza. Munthu akasiya kuona sangawerenge pa botolo la mankhwala, sangaone ngalande, sangaone manambala pafoni, ndiye kuti ufulu wake wathera pomwepo. Mano chimodzimodzi: wopanda mano satafuna chimanga, mtedza kapena gwafa, amangodalira phala ndi tiyi. Za azibambo amene mkodzo umawavuta koma amachita manyazi kunena, mukawafunse nokha, ine ndangotsegula chitseko.

Tsopano inu mafumu a mizinda ndi makhansala anu. Adokotala amatiuza kuti tiziyenda ndawala mphindi 30 patsiku, masiku asanu pasabata, kuti zikwane mphindi 150 zomwe a WHO amalimbikitsa. Malangizo abwino. Tiyende kuti? M'mbali mwa msewu, momwe mudayenera kukhala mwa oyenda pansi, muli mabenchi a malonda, magalimoto oimikidwa, milu ya mchenga ya omanga. Ngalande zili kukamwa yasaa, masilabu ake adasweka kapena adabedwa. Ukatsikira mumsewu, njinga yamoto ya kabaza ikudutsa pakhutu ngati mavu. Wachinyamata akagwa amadzuka n'kudzisasa fumbi. Ife tikagwa limathyoka ndi fupa la m'chiuno, ndipo ambiri amene lidawathyokera sadayendenso.

Tilipo amayi asanu ndi bambo mmodzi amene timayenda limodzi m'mawa uliwonse. Tinkazungulira bwalo la mpira la pasukulu ina, kasanu, tikucheza, wina akuyambitsa nyimbo. Chaka chatha adamanga mpanda n'kuika geti ndi loko. Sitikutsutsa mpanda, akuba adawonjeza. Koma kalata imodzi yochokera ku khonsolo, yoti mabwalo a sukulu za boma azitsegulidwa kuyambira 5 mpaka 6:30 m'mawa ana asanafike, ingabweze miyendo ya nkhalamba mazanamazana. Malo ngati paki ya Njamba ndi chuma cha mzinda. Muzitchetcha udzu, muikemo mabenchi ndi mlonda, musamawakumbukire pokhapokha kukakhala msonkhano wa chipani. Ndipo malo otere amene atsala m'madera, chonde lekani kuwadula maploti.

Pali nkhani ina imene anthu aulemu saitchula, koma ine ndaphunzitsapo Sitandade 1, palibe chimene ndingachite nacho manyazi. Mankhwala ena a BP, monga aja timangoti HCTZ, ndi okodzetsa. Ukamwa m'mawa, pasanathe maola awiri uyenera kupeza pokhala. M'tauni zimbudzi za aliyense n'zowerengeka, zolipiritsa, ndipo zambiri n'zonjuta, zoti munthu wa mawondo ngati angawa akanjuta sadzukanso popanda womukoka. Mukudziwa chimene timachita? Tsiku lopita m'tauni sitimwa mankhwala, ndipo sitimwa madzi. Tsiku lomwe tikuyenda padzuwa, kukwera zitunda, kukankhana m'minibasi, ndi lomwe BP timaisiya yopanda m'busa. Chimbudzi chimodzi chokhalira, chokhala ndi chogwirira kukhoma, pamsika uliwonse ndi padepoti iliyonse, chaulere kwa wa zaka 60, ndi mankhwala a sitiroko amenewo, ngakhale sichilembedwa m'buku la kuchipatala.

Misewu yatsopano ya ku Lilongwe ndidaiona nditapita kukaona zidzukulu. Ndi yokongola, sindikana. Koma ndidaima m'mbali mwa msewu wa mizere isanu ndi umodzi kwa nthawi yaitali, mpaka mnyamata wina wogulitsa mayunitsi adandigwira dzanja n'kundiolotsa ngati mbuzi yopita kumsika. Amene amajambula misewu imeneyi ayambe wayenda ndi amayi ake, awerenge masitepe awo, ndiye aone poika malo owolokera, chilumba chopumirapo pakati, ndi nthawi imene maloboti akupereka kwa woyenda pansi.

Za kadyedwe amatiphunzitsanso: mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, mafuta pang'ono, masamba ambiri, mgaiwa m'malo mwa ufa woyera. Timangomwetulira, chifukwa ndi zomwe tidakulira. Bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, kholowa, chigwada, nandolo, futali, ndani angatiphunzitse ife zimenezi? Vuto lili pa mbaula. Nyemba zimafuna moto wa maola atatu, ndipo kajumbo ka makala kamene ukanaphikira masiku awiri kamathera pa mphika umodzi. Munthu wokhala yekha amayang'ana mphikawo, n'kuyang'ana m'chikwama, n'kungotereka madzi a tiyi. Tiyi ndi mandasi m'mawa, tiyi ndi buledi madzulo, ndipo shuga m'magazi akukwera. Komanso kudya wekha kulibe chikoka, nsima imakoma ndi kulimbirana. Kuseri kwa nyumba yanga kuli kadimba ka mizere inayi komwe ndimathirira ndi madzi otsukira mbale, ndipo sindigula masamba chaka chonse. Anzanga a lendi alibe ngakhale poika thumba la dothi. Khonsolo ili ndi timalo tambiri tongomera tchire ndi kutayapo zinyalala. Bwanji osagawira magulu a achikulire kuti azilimapo ndiwo? Kumeneko n'kudya, n'kulimbitsa thupi, n'kuchezanso, zonse pa khasu limodzi.

A Nduna a chisamaliro cha anthu, ine ndili ndi mwayi, ndimalandira penshoni ya boma. Koma kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mitengo idathamanga, penshoni ikukwawa. Nanga amene alibe n'komwe? Lamulo lokakamiza mabwana kusungira antchito penshoni lidayamba kugwira ntchito mu 2011, ambiri a msinkhu wanga atatsala pang'ono kupuma kapena atapuma kale. Ndipo silidafikeko kwa mayi wogulitsa makala, telala wapakhonde, kapena amene adatha moyo wake akuchapa zovala za ena kumayadi. Mukamatuluka m'malesitilanti usiku, tayang'anani amene akulondera galimoto yanu. Nthawi zambiri ndi bambo wa imvi, chibonga m'manja, atafunda chijasi chong'ambika mu Juni. Sakulondera chifukwa chokonda ntchito.

Mtukula Pakhomo idayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo idakulira kumidzi. Koma nthawi ya Covid-19 boma lidapereka K35,000 pamwezi kwa miyezi itatu kwa mabanja osauka m'mizinda inayi yomweyi, kudzera pafoni. Ndiye kuti njira yofikira wosauka wa m'tauni ilipo. Lesotho, kadziko kakang'ono ka m'mapiri, idayamba kupereka penshoni kwa okalamba a zaka 70 kupita m'tsogolo mu 2004. Zanzibar idayamba mu 2016. Ife mu 2016 momwemo tidakhazikitsa ndondomeko ya dziko yoona za achikulire, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la anthu achikulire, a bungwe lomenyera ufulu wa achikulire la MANEPO ndi anzawo atalimbikira kwa zaka. Tidaomba m'manja. Koma lamulo limaoneka ndi mzere wake mu bajeti. Ine mpaka lero sindidaligwirepo m'manja lili m'Chichewa, ndipo pagulu lathu loyenda m'mawa lija palibe angatchule ndime imodzi. Liwerengeni pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, ndime ndi ndime, ngati mmene mumachitira ndi uthenga wa katemera, kuti wothamangitsidwa m'nyumba yake ndi adzukulu adziwe khomo logogoda.

Chomaliza ndi chimene chimatiopsa kuposa njala. Mu Malichi 2023, usiku umene namondwe Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndidakhala pampando mpaka kucha, nsapato kuphazi, ndikumvera madzi akulindima. Ndidadzifunsa kuti khoma likagwa, adziwe ndani kuti muno muli munthu? Achinyamata adathawa, adanyamula ana. Wokhala yekha, wa ndodo, wosamva bwino, amatsala. Ngakhale popanda namondwe, bambo wina wa m'dera lathu adapezeka patatha masiku awiri atagwa m'bafa, ali moyo koma atauma kukhosi, chifukwa aliyense ankaganiza kuti adapita kwa ana ake. Mabuloko lida amadziwa nyumba iliyonse ikafika nthawi yotolera za maliro. Auzeni asungenso kaundula wa achikulire okhala okha, ndi nambala ya wachibale, kuti mvula ikakula, kolera ikabuka, kapena zenera likakhala lotseka mpaka masana, pakhale wogogoda.

Musaganize kuti tangokhala manja lende kudikira inu. Gulu lathu la banki m'khonde lidagula makina a BP, ndipo Lachitatu lililonse timayezana tisanayambe kuponya masheya, manambala n'kulemba kumapeto kwa buku la ngongole. Tidagwirizana kuti amene sadatsegule katani pofika 7 koloko agogoderedwe. Tidaphunzitsana kuti nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba sauza munthu, ngakhale woimba foni atanena kuti mwawina kapena kuti mwana wanu wachita ngozi. Azibambo opuma ntchito, amene amafota msanga akasowa kopita m'mawa, tidawakokera ku bawo pansi pa mtengo wa mango kuti asamakathere kumowa. Zimene tingathe tikuchita. Koma ngalande sitingaivundikire ndi masheya a banki m'khonde, ndipo amlodipine sitingamulime kudimba.

Paja kandimverere adakanena za m'maluwa, ndiye musatume mlembi. Lachinayi loyamba la mwezi ndi tsiku langa la kiliniki. Mmodzi wa inu abwere, asiye galimoto ndi womunyamulira chikwama, asadye kanthu m'mawa monga ine. Tidzanyamuka 4:30, tochi ndidzabweretsa ndine. Avale nsapato zafulati, chifukwa pafupi ndi chigayo pali ngalande yomwe silabu yake idasweka chaka cha Freddy, ndipo timaidumpha mumdima.

Ndatha ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
kumunsi kwa Soche, Blantyre